Kupereka Luso ndi Mphamvu ngati Mphoto m'Masewera a Nkhani a Patebulo: Mafunso ndi Mayankho

Mafunso ali m'munsiwa ndi omwe oyendetsa masewera amafunsa mobwerezabwereza. M'masewera a nkhani a patebulo, anthu amakhala pamodzi n'kumayendetsa anthu a m'nkhani pogwiritsa ntchito madayisi ndi malamulo a m'buku. Tikati mtengambali tikunena munthu wa m'nkhani yemwe wosewera amamuyendetsa, ndipo tikati woyendetsa tikunena uja amafotokoza dziko la m'nkhanimo ndi kugamula malamulo. Zitsanzo zambiri zachokera mu Dungeons & Dragons ya 2014 (mwachidule D&D), koma mfundo zake zimagwira ntchito m'masewera enanso.

Kodi kupereka luso ngati mphoto n'kutani kwenikweni?

M'masewera ambiri mtengambali amapeza luso latsopano akakwera levulo, kutanthauza mlingo wa mphamvu zake. Wosewera amasonkhanitsa XP, mapointi omwe amapeza pa zomwe mtengambali wachita, ikakwana amatsegula buku n'kuona zomwe levulo yatsopanoyo yamubweretsera. Mu D&D ya 2014, XP 300 imakufikitsani pa levulo 2, 900 pa levulo 3, 2,700 pa levulo 4, ndipo 6,500 pa levulo 5.

Zomwe tikukamba pano n'zina. Mtengambali amapatsidwa luso chifukwa cha chinthu chomwe wachita m'nkhani: wapulumutsa mwana wa mfumu ya m'madzi ndiye tsopano amatha kupuma pansi pa nyanja, kapena wakhala miyezi itatu akutumikira katswiri wa lupanga ndipo waphunzira kamenyedwe komwe sikapezeka kwina. Lusolo limalembedwa papepala la mtengambali pamwamba pa zomwe levulo yake imapereka.

Bwanji osangosiya malevulo agwire ntchito yawo?

Palibe cholakwika kuwasiya, ndipo magulu ambiri amasewera zaka osapereka mphoto yotereyi. Koma levulo ili ndi vuto limodzi: sikumbukira chilichonse. Asilikali awiri a levulo 5 omwe anasankha njira imodzi amafanana mapepala, ngakhale wina anawoloka chipululu pomwe mnzakeyo anakhalira kulondera pachipata. Luso lomwe wosewera analivutikira limakhala ndi dzina ndi tsiku lake, moti akaligwiritsa ntchito patatha miyezi, onse patebulo amakumbukira komwe linachokera.

Chachiwiri, golide amafika posowa ntchito. Mu D&D ya 2014 zida zamatsenga siziyembekezeka kugulidwa pamsika wamba, choncho gulu likagula zovala zachitsulo zabwino ndi akavalo, ndalama zimangounjikana. Zida zamatsenga nazo zili ndi malire: zambiri zamphamvu zimafuna attunement, kutanthauza kulumikizana kwapadera kwa chida ndi mwini wake, ndipo mtengambali mmodzi amangololedwa zitatu nthawi imodzi. Luso silidya malo pa zitatuzo, ndipo mbala ya m'nkhani singalisolole m'thumba.

Kodi malamulo amalola, kapena ndikhala ndikupeka zanga?

Amalola. Dungeon Master's Guide ya 2014, buku la woyendetsa, m'mutu wonena za chuma, ili ndi gawo la mphoto zina zosakhala ndalama kapena zida. Muli madalitso, omwe amakhalitsa: lina limawonjezera 2 pa Constitution (kulimba kwa thupi) mpaka kufika 22, lina limawonjezera 1 pa AC (nambala yosonyeza kuvuta kwa kumumenya) ndi pa saving throw (kuponya dayisi kodzipulumutsa ku ngozi). Muli zithumwa, zomwe zimatha: china chimalola mtengambali kuchita matsenga oona mumdima katatu kenako n'kuzimiririka. Mulinso maphunziro apadera, omwe angapatse mtengambali feat (mphamvu yapadera yosankha m'buku) kapena luso latsopano. Kwa omwe afika pa levulo 20 kuli madalitso aakulu otchedwa ma epic boon, omwe woyendetsa angapereke pa XP 30,000 iliyonse yopitirira 355,000.

Mabuku ena anatsatira njira yomweyi. Mythic Odysseys of Theros ya 2020 imawerenga kudzipereka kwa mtengambali kwa mulungu wake, ndipo mphamvu zimatseguka nambalayo ikafika 3, 10, 25 ndi 50. Van Richten's Guide to Ravenloft ya 2021 ili ndi mphatso zamdima, zomwe zimabwera ndi phindu komanso tsoka lake.

Nanga masewera ena amachita bwanji?

Ena anamangidwa pa mfundo imeneyi kuyambira pachiyambi. Mu Call of Cthulhu, yomwe inatuluka koyamba mu 1981, mulibe malevulo. Mukagwiritsa ntchito luso n'kupambana, mumachonga kabokosi ka pambali pake. Nkhani ikatha mumaponya d100, madayisi opereka nambala ya pakati pa 1 ndi 100, ndipo m'malamulo a masiku ano mukapeza nambala yoposa luso lanulo mumawonjezera 1d10, nambala yomwe dayisi imodzi ya mbali 10 yagwapo. Taonani kukoma kwake: luso la 30 lili ndi mwayi wa 70 pa 100 wokwera, pomwe la 80 lili ndi 20 pa 100 basi. Malamulowo amadziletsa okha, woyendetsa safunika kuchitapo kanthu.

RuneQuest ya 1978 imamangirira matsenga amphamvu ku chipembedzo chomwe mtengambali walowa, ndipo amapereka gawo la POW yake, nambala ya mphamvu ya mzimu wake, kuti awapeze. Pathfinder yachiwiri, ya 2019, imaika chizindikiro cha uncommon (chosapezeka wamba) kapena rare (chosowa) pa maluso ndi matsenga ena, kutanthauza kuti wosewera sangangowatola m'buku. Woyendetsa ndiye amatsegula chitseko, kawirikawiri ngati mphoto. Njira ya Pathfinderyi ndi yofunika kuitengera kulikonse, chifukwa mphoto yake ndi chilolezo chosankha chinthu chosowa, koma wosewera amachilipirabe ndi malo omwe levulo yake yamupatsa. Mphamvu zake sizichuluka, zimangosiyana ndi za ena.

Ndi ntchito yotani yomwe ikuyenera mphoto yotere?

Funsani mafunso atatu. Kodi wosewera anasankha yekha kuchita chinthucho pomwe njira yosavuta inalipo? Kodi anatayapo kanthu, kaya nthawi, chuma, ubwenzi kapena chitetezo cha mtengambali wake? Kodi m'nkhanimo muli munthu, mzimu kapena malo omwe angapereke lusolo? Mayankho onse atatu akakhala eya, perekani. Lachitatuli ndi lomwe ambiri amalumpha, ndipo akatero luso limangogwa kuchokera kumwamba popanda woliphunzitsa.

Musapereke chifukwa dayisi ya mbali 20, yotchedwa d20, yagwa pa 20. Mwayi wake ndi 1 pa 20, ndipo pa tsiku limodzi losewera anthu anayi amaponya kambirimbiri. Mudzapeza kuti mukugawa mphamvu sabata iliyonse. Musaperekenso chifukwa wosewera amatha kusintha mawu ngati wa zisudzo. Mukatero olankhula kwambiri amakolola, ofatsa amangoonerera.

Ndingadziwe bwanji kuti mphamvu yomwe ndikufuna kupereka yakula mopitirira?

Yambani ndi masamu a d20. Kuwonjezera 1 kumakweza mwayi wopambana ndi 5 pa 100. Kukuoneka kochepa, koma D&D ya 2014 inapangidwa kuti manambala asamakwere msanga: proficiency bonus, nambala yowonjezera pa zinthu zomwe mtengambali anaphunzira, imayambira pa +2 n'kufika +6 pa malevulo onse 20. Ndiye mukapatsa munthu +2 pomenya, mwamupatsa theka la zomwe bonasiyo ikanakwera nazo pa moyo wonse wa mtengambali wake. Advantage, kuja koponya madayisi awiri n'kutenga yaikulu, ndi yoopsa kuposa apo. Ngati pafunika 11 kapena kuposa, mwayi umachoka pa 50 pa 100 kufika pa 75 pa 100.

Kenako yerekezani ndi matsenga omwe alipo kale. Kuuluka ndi matsenga a gawo 3, omwe mfiti ya m'masewera imawapeza pa levulo 5, ndipo amatha pakadutsa mphindi 10. Mukapatsa mtengambali wa levulo 2 mapiko ouluka nthawi iliyonse, mwapha zigwembe, mipanda ndi mitsinje yonse yomwe munakonza, komanso mwapeputsa mnzake amene akudikira levulo 5 kuti aulukeko kamodzi.

Muyeso wathu ndi uwu: mphoto ikulitse mtengambali cham'mbali, isamukweze cham'mwamba. Luso lomupatsa njira yatsopano yothetsera vuto, monga kulankhula ndi mbalame, kuwerenga zolemba za anthu akale kapena kuyenda pa chipale osaterereka, silivuta kawirikawiri. Luso lomuwonjezera nambala pa chinthu chomwe amachita kale pa nkhondo iliyonse ndiye limagumula masewera. Pali zinthu zitatu zomwe sitilangiza kupereka popanda malire: mpata wowonjezera womenya pa nthawi yake, kuchita matsenga awiri ofuna concentration (kuikapo maganizo onse kuti asathe) nthawi imodzi, ndi kukwera kwa AC kwa yemwe AC yake ndi yapamwamba kale.

Ndikufuna kungopereka feat ya m'buku. Kodi zonse n'zofanana?

Ayi, ndipo kusiyana kwake n'kwakukulu. M'malamulo a 2014 wosewera amatenga feat m'malo mokweza manambala a thupi ndi nzeru, pa malevulo 4, 8, 12, 16 ndi 19, ndipo mtengambali wa mtundu wa msilikali amapatsidwa mipata ina pa 6 ndi 14. Feat yaulere ndiye kuti ndi yofanana ndi mphoto yomwe ena amaidikira malevulo anayi.

Skilled, yomwe imapereka maluso atatu, kuphatikizapo ogwiritsa ntchito zida, ndi Linguist, yomwe imapereka zinenero zitatu, mungazipereke mtima uli m'malo. Tough imawonjezera 2 pa HP (mapointi a moyo) pa levulo iliyonse, kutanthauza 16 kwa wa levulo 8. N'zambiri, koma sizisokoneza kayendedwe ka nkhondo. Chenjerani ndi Great Weapon Master ndi Sharpshooter za 2014, zomwe zimalola kuchotsa 5 pomenya kuti muwonjezere 10 pa kuvulaza. Chenjeraninso ndi Lucky, yomwe imapereka mipata itatu yoponyanso dayisi pa tsiku ndipo imathandiza pa china chilichonse. Yang'ananinso zomwe wosewerayo ali nazo kale: Sentinel payokha ilibe vuto, koma kwa yemwe ali ndi Polearm Master imachititsa kuti mdani amenyedwe akamayandikira n'kuima pomwepo asanafike.

M'mabuku a 2024 ma feat ena analembedwanso, ndipo aliyense amalandira imodzi pa levulo 1, choncho werengani mawu a buku lomwe gulu lanu likugwiritsa ntchito.

Ndizipereka kangati?

Zokhalitsa: imodzi kwa mtengambali aliyense pa malevulo anayi kapena asanu. Zakanthawi, zonga zithumwa zija, mungapereke pa mapeto a nkhani iliyonse yaikulu. Pepala likadzadza, wosewera amayamba kuiwala zomwe ali nazo, ndipo mukaona wina watha masiku atatu osewera osakhudza luso lomwe munamupatsa, dziwani kuti mwapereka zambiri.

Kodi onse m'gulu alandire nthawi imodzi?

Sikofunika kuti alandire tsiku limodzi, koma aliyense adziwe kuti yake ikubwera. Njira yosavuta ndi kulemba mayina a atengambali papepala lanu n'kumachonga yemwe walandira, ndipo musapatse munthu yachiwiri wina asanalandire yoyamba. Ngati papita masiku anayi kapena asanu osewera wina akudikirabe, konzani nkhani yotsatira kuti ikhudze iyeyo.

Kupereka mphamvu imodzimodzi kwa onse kumagwira ntchito pomwe gulu lonse lavutikira limodzi, monga onse atalumbira pakachisi mmodzi. Ingodziwani kuti chimene chili chaching'ono kwa mmodzi chimakula chikachulukitsidwa kasanu. Kudzichiza kamodzi pa tsiku kwa munthu mmodzi n'kabwino; kwa anthu asanu ndi machiritso asanu, ndipo wansembe wa gululo, yemwe amachiza anzake, ntchito yamuthera.

Ngati luso likuchokera kwa mphunzitsi, litenge nthawi ndi ndalama zingati?

Mabuku ali ndi manambala oyambira. Player's Handbook ya 2014 imati kuphunzira chinenero kapena chida chogwirira ntchito kumatenga masiku 250, pa ndalama imodzi yagolide tsiku lililonse. Xanathar's Guide to Everything ya 2017 inafupikitsa: masabata 10 ogwira ntchito, kuchotsapo bonasi ya Intelligence (nzeru), pa ndalama 25 sabata iliyonse. Masewera ena otchedwa GURPS amawerenga maola 200 ophunzira ndi mphunzitsi ngati pointi imodzi.

Pali phunziro kuchokera m'mbiri ya masewerawa. Dungeon Masters Guide ya Gary Gygax ya 1979 inkalamula kuti wofuna kukwera levulo alipire ndalama zagolide 1,500 kuchulukitsa ndi levulo yake pa sabata iliyonse ya maphunziro, kwa sabata imodzi mpaka zinayi. Mbala, mtundu wina wa mtengambali, ya levulo 1 inkafunika kupitirira XP 1,250 kuti ifike levulo 2, choncho inkatha kukwanitsa XP ndalama zolipirira mphunzitsi zisanakwane. Mtengo ukaposa zomwe nkhani yanu imapereka, mphoto imasanduka ngongole.

Ngati nkhani yanu ilibe miyezi yopuma, bwerekani wotchi ya Blades in the Dark ya 2017. Jambulani bwalo, ligaweni zigawo 8. Nthawi iliyonse gulu likapeza mpata wopuma, wosewera aponye dayisi. Akachita bwino detsani zigawo ziwiri kapena zitatu, akalephera detsani chimodzi. Bwalolo likhale patebulo pomwe onse akuliona. Likadzadza, luso lapsa.

Ndilembe bwanji mphamvu yomwe ndapeka ndekha?

Lembani pakhadi kakang'ono, ndipo muyankhe zinthu zisanu: imayamba liti, imadya chiyani pa nthawi ya wosewera, imachita chiyani m'manambala, imagwira ntchito kangati, imabwerera liti. Chimodzi chikasowa, mkangano udzabukira pomwepo, pakati pa nkhondo.

Tiyerekeze kuti mtengambali wa levulo 4 anakhala usiku wonse atagwira chitseko cha nsanja kuti anthu a m'mudzi athawe, ndipo mlonda wokalamba wa nsanjayo wamuphunzitsa kaimidwe kake. Woyendetsa wosazolowera amalemba kuti "sungasunthidwe". Tsiku lotsatira wosewera adzati chimphepo sichingamugwetse, chimphona sichingamunyamule, ndipo sitima ikamira iye atsala ataima pamadzi. Khadi labwino likhala lotere:

"Kaimidwe ka Mlonda. Ukaima pakhomo, pamlatho kapena pampata wosaposa mafiti 10 m'lifupi, ndipo mdani akafuna kukukankha kapena kukugwetsa, gwiritsa ntchito reaction yako (mpata woyankha mwachangu zomwe wina wachita) kuti uponye ndi advantage pokana. Kawiri, kenako kamabwerera ukapuma usiku wonse."

Khadili latchula malo, ladya reaction, lili ndi malire, ndipo dzina lake likunena za mlonda uja. Wosewerayo ayamba kufunafuna makomo ndi milatho pa nkhondo iliyonse, zomwe ndi zomwe mumafuna. Kuti muone ngati manambala ali bwino, bwererani ku funso lonena za kukula kwa mphamvu.

Asankhe ndani, wosewera kapena woyendetsa?

Onse awiri. Woyendetsa akasankha yekha amatha kupereka chinthu chosagwirizana ndi momwe wosewera amamuonera mtengambali wake, monga kupatsa matsenga amoto munthu amene wakhala akunena kuti mtengambali wake amadana ndi ufiti. Wosewera akasankha yekha m'buku lonse amatenga chomwe chili champhamvu kwambiri, chogwirizana ndi nkhani kapena ayi. Konzani makhadi awiri kapena atatu, onse ochokera kwa wopereka mmodzi, ndipo wosewera atenge limodzi. Asanatero mufunseni pambali zomwe amalakalaka mtengambali wake atamachita; yankho lake ndiye poyambira makhadiwo.

Kodi mphamvu yopatsidwa ingalandidwe?

Ingalandidwe ngati munanena tsiku lomwe munapereka, ndipo zalembedwa pakhadi. Dalitso la mulungu lingathe mtengambali akaphwanya lumbiro, koma lumbirolo likhale lomveka: "usaphe yemwe wagonja", osati "ukhale munthu wabwino". Wosewera akafuna kuchita chinthu chophwanya lumbiro, muimitseni n'kumuuza kuti akapitiriza dalitso lichoka, kenako asankhe akudziwa. Walira mvula walira matope, koma matopewo awaone asanaponde.

Luso lophunzira kwa mphunzitsi silichoka, poti zomwe manja adziwa sizibwerera kwa mwini wake. Ngati wakangana ndi mphunzitsiyo, chomwe wataya ndi maphunziro otsatira. Ndipo musalande mphamvu pofuna kulanga wosewera pa zomwe wachita kunja kwa nkhani, monga kuchedwa kapena kusokoneza anzake. Zimenezo n'zokambirana ngati anthu.

Ndapereka kale mphamvu yomwe yakula kwambiri. Nditani?

Musatumize mbala yamatsenga kapena temberero kuti muichotse mwakachetechete. Osewera amazindikira, ndipo kuyambira pamenepo sakhulupiriranso mphoto iliyonse yochokera kwa inu. Lankhulani ndi wosewerayo masewera asanayambe, muvomere kuti munalakwitsa masamu, ndipo mumuonetse vuto lenileni: "nkhondo zitatu zapitazi zatha anzako asanamenye".

Pokonza, yambani ndi kuchepetsa kangati, osati kuchotsa chomwe mphamvuyo imachita. Yomwe inali ya nthawi iliyonse ikhale ya katatu pa tsiku. Yomwe inali yaulere idye reaction kapena bonus action, kampata kowonjezera pa nthawi ya wosewera. Wosewera amalola msanga kuti chinthu chake chodabwitsa chizichitika mwa apo ndi apo kusiyana n'kuti chisanduke wamba. Zikakanika, musinthanitseni ndi china chomwe asankhe yekha.

Kuti izi zisabwerezeke, uzani gulu kuti mphamvu iliyonse yopeka ili pa mayeso kwa masiku atatu osewera. Kapena iperekeni koyamba ngati chithumwa cha maulendo atatu, muone momwe ikugwirira, kenako muikhazikitse.

Adani ayamba kugonja msanga. Ndiwakweze nawonso?

Pang'ono. Matebulo owerengera kuvuta kwa nkhondo amaganiza kuti atengambali ali ndi zomwe levulo yawo imapereka basi. Aliyense m'gulu akakhala ndi mphoto imodzi kapena ziwiri zothandiza pa nkhondo, werengani gululo ngati lakwera levulo imodzi, kenako muone zotsatira. Kuwonjezera adani ang'onoang'ono awiri kapena atatu kumathandiza kuposa kukweza AC ya mdani wamkulu, chifukwa AC yokwera imalanga kwambiri omwe sanalandire kanthu.

Musakonzenso mdani aliyense kuti azikana mphamvu yatsopanoyo. Mukapatsa munthu luso lopirira moto, kenako zinjoka zonse za m'dziko n'kuyamba kulavula chisanu, mwamulanda mphotoyo mosanena. Pa tsiku losewera lotsatira, ikani malo amodzi pomwe lusolo lidzapulumutse gulu.

Mtengambali akafa, kapena pakabwera wosewera watsopano, mphoto zija zimatani?

Zimapita ndi wakufayo, poti anazivutikira ndi iyeyo. Koma mtengambali watsopano akalowa m'gulu lomwe aliyense ali ndi mphoto ziwiri, amayamba ali kumbuyo ngakhale levulo yake ndi yofanana ndi ya anzake. Mupatseni imodzi yochokera m'mbiri yake, yomwe mwagwirizana ndi wosewerayo ndipo yalembedwa monga tafotokozera pa funso la kalembedwe ka khadi, kenako dzina lake likhale loyamba pa mndandanda uja wa odikira. Ngati wakufayo anali ndi luso lophunzitsika ndipo anali atayamba kuphunzitsa mnzake m'nkhani, lolani mnzakeyo apitirize wotchi ya zigawo 8 kuchokera pomwe inalekera.